Polishi ya matayala yandichititsa manyazi, anzanga mukuthira iti?

Wa ku Chitawira:
Akuluakulu ndithandizeni msanga mutu waima kuno. Loweruka ndatsuka Fortuner yoyera ya ukwati, ndapanga zonse, mkati, dashibodi, marimu, pomaliza matayala ndapaka polishi ija ya mafuta ndinagula mu chigubu cha malita 5 ku Limbe, ilibe ndi pepala lomwe, wogulitsa anangoti imawala sabata yonse. Galimoto yatuluka ili waliwali. Pasanathe ola bwana mwini galimoto akuimba kuti bwerani mudzaone zomwe mwachita. Angoyenda kuchoka pano kudutsa mu Chipembere kukafika ku tchalitchi basi, mbali zonse ziwiri madontho akuda kuyambira pa madigadi mpaka chitseko chakumbuyo, maliboni omwe ada. Ndathamanga pa kabaza ndi nsanza kukapukuta panja pa tchalitchi anthu a ukwati akundiyang'ana. Ndalama sindinalandire ndipo kasitomala ameneyu anali wa sabata iliyonse.

China, polishi yomweyi ikatha masiku awiri tayala limasanduka bulawuni ngati lachita dzimbiri, anthu ayamba kunena kuti ndikuwaonongera matayala. Ndiye ndigule iti, ya madzi ija yoyera ngati mkaka kapena jelo kapena sipuleyi? Ndalama ndilibe zoti ndizingoyesa chilichonse. Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati wina, magalimoto atatu.

Madala a ku Ndirande:
Mwana wanga taya chigubucho. Gula glycerine mu golosale, yemweyu amayi amadzola, sakaniza ndi madzi theka ndi theka mu botolo, paka ndi siponji. Ine ndayamba kutsuka magalimoto anthu akadali pa ma Peugeot 504, sindinagulepo polishi ya matayala.

Mayi a ku Namiwawa:
Pepani achimwene, zimawawa zimenezo, makamaka pa galimoto yoyera. Koma ndifunse kaye, munapaka tayala litauma kapena likadali lonyowa? Nanga mutapaka munapukuta? Chifukwa Fortuner zambiri zili ndi matayala a AT aja, oyenda pa tala ndi m'fumbi momwe, m'mbali muli zilembo zotukuka ndi timipata, polishi imakhala m'menemo ngati m'chithaphwi. Pamaso pamaoneka bwino koma galimoto ikangothamanga yonse ija imawazikira pa bodi. Ngakhale mutagula yodula bwanji, mukathira yambiri osapukuta iwaza basi.

Ine ma AT ndimapaka ndi kaburashi ka penti, pang'ono pang'ono, ndisiye mphindi 10 kapena 15, kenako ndidutsitse nsanza yakale youma mpaka chala chikakhudza chisatenge kanthu. Galimoto ya ukwati ndimapaka matayala Lachisanu madzulo, m'mawa kungopukuta.

Wa ku Chitawira:
Mayi, matayala anali atauma pang'ono koma osati kwambiri, anthu amandithamangitsa kuti mkwati akudikira. Kupukuta sindinapukute, ndimaopa kuti kuwala kuchoka.

Mayi a ku Namiwawa:
Ndiye pamenepo. Madzi otsala m'timipata ndi mafuta sizigwirizana, polishi imangoyandama pamwamba. Kuwala kwambiri kuja ngati tayala lanyowa ndi polishi imene sinagwire, ndi imeneyo imakathera pa chitseko.

Wa matayala ku Ginnery Corner:
Za bulawuni ndiyankhe ine poti ndimakhala ndi matayala tsiku lonse. Si dzimbiri, ndipo nthawi zambiri si polishi imene imabweretsa. Ku fakitale amathira mankhwala mu labala, odziwika kwambiri ndi 6PPD, ntchito yake kuteteza tayala lisang'aluke ndi mpweya wa ozoni. Tayala likamagudubuka mankhwalawo amatuluka pang'ono pang'ono kufika pamwamba, akakumana ndi mpweya amasanduka bulawuni. Ndiye tayala lililonse limatero, latsopano lomwe. Chimene polishi ya mafuta imachita ndi kumata zimenezo pamodzi ndi fumbi lathu lofiirali, inu mawa mwapakanso pamwamba, mkuja mwapakanso, mapeto ake muli ndi chikhungwa cha litsiro chimene polishi yatsopano singagwirepo.

Tengani APC (sopo wamphamvu wotsukira chilichonse) kapena degreaser (mankhwala ochotsa mafuta) wosungunula, burashi yolimba, khechani. Thovu loyamba lituluka la bulawuni, tsukuluzani, bwerezaninso, kawiri katatu mpaka thovu lizituluka loyera. Mukaona tayala lauma lili lakuda koma losawala ndiye lakonzeka.

Madala a ku Ndirande:
Zonsezo ndi ndalama. Glycerine sapanga chikhungwa, madzi okha amachoka.

Wa ku Bangwe:
Madala ndi ulemu wonse, kuchoka ndi madzi okhako ndiye vuto lake. Ine ndinayesa glycerine miyezi iwiri. Kuno nsewu wathu mukuudziwa, mu Okutobala galimoto ikangotuluka pa geti kufika pa tala matayala ali psuu, glycerine amanata, fumbi lonse limakakamira. Nthawi ya mvula ndiye chithaphwi choyamba watha. Kasitomala walipira za matayala koma pofika ku ntchito palibe chooneka. Mwina kwa amene akungojambula galimoto kuti agulitse.

Madala a ku Ndirande:
Unathira wambiri. Theka ndi theka, kapena madzi achuluke. Makasitomala anga sanadandaulepo.

Wopenta wa ku Chirimba:
Ine pempho langa ndi limodzi kwa nonse, sipuleyi ya silikoni musamaipopere pafupi ndi malo opentera. Tinali ndi mnyamata amatsuka kuseri kwa galaja yathu, tsiku lina akupopera matayala a Hilux mphepo ikuombera kwathu, ife tikumaliza clear, penti yopanda mtundu ya pamwamba ija, pa boneti ya Mercedes. Penti yonse inatuluka timaenje ngati maso a nsomba. Tinapalanso boneti yonse, penti ina, clear wina, masiku awiri ndi ndalama za m'thumba mwathu. Silikoni pang'ono chabe penti siigwira. Ndipo galimoto ikakhala kuti ikupita kokapenta, kaya ndi bampala yokha, chonde matayala ingotsukani musapake kanthu.

Komanso achimwene a ku Chitawira madontho aja musangopukuta ndi nsanza youma n'kuiwala. Pa penti yoyera akakhalitsa padzuwa amasiya timawanga tachikasu, makamaka pa bampala ya pulasitiki. Ngati bwanayo angalole muitanitseni mutsukenso mbalizo ndi shampu.

Wa ku Chitawira:
Foni sakuyankha. Koma anzanga funso langa lija, ndigule iti?

Mayi a ku Namiwawa:
Ine ndimasunga ziwiri. Ya madzi ndi ya tsiku ndi tsiku, imauma msanga, siinata kwambiri ndiye fumbi silikakamira ngati pa ya mafuta, tayala limaoneka lakuda ngati latsopano osati lonyezimira. Kuipa kwake mvula ikagwa siikhalitsa. Zina monga CarPro PERL zimabwera zokhathamira umasungunula wekha, pa matayala theka ndi theka, ndiye botolo limodzi limapita patali ndipo yomweyo umapakanso mapulasitiki akuda ukaonjezera madzi. Jelo ngati Meguiar's Endurance, ya pepo ija, imapirira mvula ndipo imawala, ndiye ndimaisungira amene amafuna kuwala, koma imafuna dzanja lopepuka, kadontho pa siponji kakwana mbali yaikulu ya tayala.

Mtengo wokha ndiye musandifunse. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, ine ndimatuma amene amapita ku Joni kuti andigulire kumeneko. Ngati simungadikire yang'anani za Shield kapena Armor All m'mashopu a zida za galimoto, bola ikhale ndi pepala lake muwerenge ngati ili ya madzi kapena ya mafuta. Za m'zigubu zopanda dzina zija simudziwa kuti asakaniza chiyani.

Wa ku Bangwe:
Pa zigubu ndikuvomereza. China ndinagula chimanunkha palafini yeniyeni, siponji inasungunuka m'manja tsiku lachitatu. Chinthu chodya siponji pa labala chikuchita chiyani?

Wa matayala ku Ginnery Corner:
Ndi zimene ndimakumana nazo. Dizilo, palafini, oyilo wakuda wa mu injini, anthu amapaka chifukwa zimawala nthawi yomweyo ndipo zimapezeka zaulere ku galaja. Labala wa tayala sagwirizana ndi mafuta amenewo, amafewa, ndipo mankhwala oteteza aja amakokedwa kutuluka. Mbali mwa tayala ndi mopyapyala kale, si malo oseweretsa.

Mnyamata wa pa Kameza:
Nanga brake fluid akuluakulu? Pano anyamata ena amapaka, tayala limada bwinobwino.

Wopenta wa ku Chirimba:
Ayi ayi aise usayerekeze. Brake fluid, kaya ndi wa DOT 3 kapena DOT 4, amadya penti. Ndalandirapo marimu anayi a Mark X penti itakwinyika ngati khungu lopsa, mwini wake anakatsukitsa kwina anamupakira zimenezo zikudonthera pa rimu. Taganiza itawazikira pa chitseko ngati zachitikira mnzathuyu, si madontho opukuta amenewo, ndi ntchito ya ine.

Madala a ku Ndirande:
Mwaona, brake fluid amadya penti, palafini amadya labala, silikoni amaononga ntchito ya apenta, yodulayo mpaka kutuma anthu ku Joni. Glycerine wadya chiyani? Anthu amadzola pankhope.

Mayi a ku Namiwawa:
Madala palibe wanena kuti amaononga. Tikunena kuti sakhalitsa ndipo amakoka fumbi. Munthu akulipira ndalama ya full valet, kutsuka galimoto yonse mkati ndi kunja, akufuna matayala akhale bwino mpaka Lachitatu.

Madala a ku Ndirande:
Akabwera Lachitatu udzamupakiranso, botolo ndi lotchipa.

Mnyamata wa pa Kameza:
Ine changa n'chenjezo la njinga zamoto. Wa kabaza wina anandiumiriza kuti nanenso ndipakireni matayala awale ngati a magalimoto. Ndinamupakira m'mbali mokha, koma tayala la njinga ndi lobulungira, pokhota imagonera mbali yomweyo. Watuluka pano kulowa pa raundabauti njinga yaterereka, mwayi panalibe galimoto kumbuyo, anangosupuka chigongono ndi bondo. Mtima unandiwawa kwambiri tsiku limenelo. Chiyambire pamenepo njinga ndimangotsuka ndi sopo, anene bwanji sindipaka.

Wa ku Bangwe:
Zoona. Ndi pa galimoto pomwe, popondera pansi pasafike polishi, ndipo sipuleyi musamapopere molunjika, imadutsa m'mipata ya rimu kukagwera pa disiki ya buleki. Poperani pa siponji. Anyamata atsopano muziwauzanso za mapedulo ndi chiwongolero, wanga wina anapaka mamati a labala ndi mapedulo omwe akuti ziwale, mayi wa Sienta phazi linaterereka pa buleki akubwerera m'mbuyo, pang'onong'ono agunde mpanda.

Wopenta wa ku Chirimba:
Amene mukhecha ndi degreaser, osati rimu ili yotentha kapena padzuwa la masana, akaumirapo amasiya mizere yoyera. Ndipo soda wa kositiki ena amasungunula m'ndowa uja pa rimu ya aluminiyamu ayi, amaidya, siibwereranso.

Wa matayala ku Ginnery Corner:
Poti tili pa matayala ndinene ichi chimandivuta mumtima. Ogulitsa magalimoto amabwera kwa inu kuti mupake kwambiri pa matayala ong'aluka kuti ming'alu isaoneke. Polishi siichiza mng'alu. Muziyang'ana pambali pamene palembedwa DOT, manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka, mukaona 2316 ndiye sabata ya 23 chaka cha 2016. Magalimoto ochokera ku Japan ambiri amafika ndi matayala mano ali bwinobwino koma ndi akale, ena ndi a nyengo ya chisanu a kwawo, ofewa, sanapangidwire kutentha kwa kuno. Michelin amanena kuti tayala likadutsa zaka 5 liziyezedwa chaka chilichonse, likafika zaka 10 lichoke ngakhale likuoneka bwino. Inu ndi amene mumagwada pa tayala sabata iliyonse, mwini wake sagwada, mukaona chotupa kapena ming'alu muuzeni asanatsike nayo ku Thabwa kupita ku Chikwawa.

Mayi a ku Namiwawa:
Ine ndimajambula n'kumutumizira mwini wake ndisanapake chilichonse. Ena amakwiya kuti mukufuna kundigulitsa matayala, koma bola ndanena.

Wa ku Bangwe:
A ku Ginnery, ndili ndi Probox yanga yonyamulira madzi, pa matayala akumbuyo palembedwa 4114, mano alipo ambiri. Ndiyendebe?

Wa matayala ku Ginnery Corner:
Chaka cha 2014 chimenecho amwene, ndipo mukusenzetsa zigubu za madzi. Chotsani.

Madala a ku Ndirande:
Mwana wa ku Chitawira, Loweruka lisanafike yesa glycerine pa tayala limodzi uone wekha.