Mwana wanga akuti anali msodzi ndipo anamira panyanja, ndipite naye kuti?

Wosatchula dzina: Abale ndithandizeni, tulo sindikuona. Tikukhala ku Mchengautuwa, nyumba ya lendi, alandilodi akweza kawiri chaka chino pomwe denga likudontha kuchipinda kwa ana. Mwana wanga wamwamuna wayamba kuyankhula zoopsa. Akuti ine si mayi ake enieni, mayi ake ali ku Usisya, iyeyo anali msodzi ndipo mwera unatembenuza bwato usiku akukoka ukonde wa chilimira. Akaona madzi odzaza m'bafa amakuwa. Kunyanja sitinapiteko naye chibadwire. Bambo ake akuti ndikukokomeza, komatu iwowo amabwera usiku, ya ndiwo osasiya, mwanayo angamumve nthawi yanji? Apongozi anga akuti ndine ndabweretsa zimenezi, chonsecho chibwerereni kuno sanatsukeko ngakhale mbale imodzi. Kodi munthu amabadwanso kachiwiri?

Mayi a mapasa: Pepani asisi. Mwanayo ali ndi zaka zingati?

Bambo wa ku Zolozolo: Mayi musaope, zimenezi si zachilendo, anthu ophunzira anazifufuza kale. Dokotala wa matenda a maganizo Ian Stevenson wa pa University of Virginia ku America anathera zaka pafupifupi 40 akuyendera ana otere ku India, Sri Lanka, Burma, Lebanon, mpaka kwa a Igbo ku Nigeria. Anamwalira mu 2007, ntchitoyo anaipitiriza Jim Tucker, ndipo nkhani zomwe anasonkhanitsa zimafika 2,500. Ana ambiri amayamba kuyankhula ali ndi zaka 2 mpaka 4, akamafika 7 kapena 8 amaiwala okha. Ambirinso amanena za imfa yadzidzidzi, ngozi, kuphedwa, kumira. Wanuyo kuopa madziko ndi komweko. MUYANG'ANE THUPI LAKE ngati ali ndi chipsera chobadwa nacho!

Mvano wa ku Katawa: Bambo inu musasocheretse mayiyu. Ahebri 9:27 akuti munthu amafa kamodzi, kenako chiweruzo. Ichi ndi chiwanda. Mayi, mumapemphera kuti? Ana amasiku ano mumangowasiya pa TV.

Bambo wa ku Zolozolo: Amayi, werenganinso Yohane 9:2. Ophunzira a Yesu anafunsa ngati munthu wobadwa wosaona uja anachimwa yekha. Akanachimwa liti asanabadwe?

Mvano wa ku Katawa: Nanga vesi 3 mwaisiyira yani? Yesu anati sanachimwe iye kapena makolo ake.

Wakabaza wa pa depoti: Mufunseni komwe anasiya ukonde amayi, tikagulitse, lendi ithe kkkk

Mayi a mapasa: Achimwene nkhani ya mwana si yoseka. Asisi, zaka zingati?

Agogo a ku Chiputula: Mwana wanga, kwathu ku Rumphi mwana akamalira osatonthola akuluakulu ankati akulirira dzina, amupatse la malemu. Si kuti malemuwo abadwanso ayi, mzimu wao umangofuna kukumbukiridwa. Funsani kuchimuna ngati kuli amene anafera panyanja. Ena amapita ku vimbuza. Ine mdzukulu wanga ankalira miyezi itatu, mpongozi wanga anakana kundimvera, lero amandiyang'ana ngati mfiti.

Mphunzitsi wa mkaka: Ine ndimakhala ndi ana aang'ono tsiku lililonse. Mwana amamva zonse, ngakhale mukuona ngati akusewera kapena wagona. Mawu akuti chilimira sangawapeke yekha, koma muno mu Mzuzu amayi ogulitsa usipa mumsika amawatchula, pa wailesi amalengeza za mwera. Komanso bambo a ku Zolozolo, nenani zonse. Nkhani zambiri za Stevenson zinachokera kumadera komwe anthu amakhulupirira kale zobadwanso, ankadalira omasulira, ndipo nthawi zambiri ankafika banja la mwanayo ndi la malemu atakumana kale n'kukambirana. Mwini wakeyo sananene kuti watsimikiza, ankangoti zikuoneka ngati zikuloza kumeneko.

Bambo wa ku Zolozolo: Aphunzitsi, nanga zipsera? Panali ana obadwa ndi chizindikiro pamalo pomwe malemu anavulala, Stevenson n'kukaona mpaka mapepala a kuchipatala. Omasulira ndi amene anajambula zipserazo? Vuto la ife Amalawi chilichonse timathamangira kuti chiwanda kapena ufiti. Ine mng'ono wanga ali ndi zaka zitatu ankatchula mudzi wina wa ku Karonga womwe sitinkaudziwa, bambo athu anamukwapula mpaka anasiya. Lero ndikanakhala ndi umboni.

Namwino wopuma: Musanapite kutali, thupi likutentha? Amakomoka kapena kungoti duu osayankha mukamuitana? Ngati zili choncho kayezetseni malungo lero lomwe. Ngati ali bwinobwino koma mantha akumulepheretsa kugona, kuchipatala cha matenda a maganizo cha St John of God amaonanso ana. Musamufunse mafunso omuikira mawu m'kamwa, ndipo musamukalipire. Msambitseni ndi kapu, madzi pang'ono.

Bambo wa ku Zolozolo: Malungo amaphunzitsa mwana dzina la Usisya? Mayi, lembani zonse zomwe akunena ndi tsiku lake MUSANAPITE kukafufuza kunyanjako. Mukapita kaye umboni waonongeka.

Mphunzitsi wa mkaka: Apo pokha tikugwirizana. Koma funso langa ndi ili: apongozi anuwo kwao ndi kuti, ndipo usiku amagona chipinda chimodzi ndi mwanayo?

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Thupi silikutentha, akudya bwino. Chipsera ali nacho pamwendo koma ndi cha mbaula. Apongoziwo musandiyambitse, dzulo lomweli anatenga shuga wanga n'kupatsa aneba, nditafunsa akuti ndilibe ulemu. Usiku wathawu mwana wanenanso kuti akufuna apite kwao akaone bwato lake, ndalira mpaka kucha.

Mayi a mapasa: Asisi, zaka za mwana simunatiuzebe. Ndipo aphunzitsi akufunsani za kwao kwa apongozi.