Anthu amene sindinawaonepo nkhope akudziwa za ngongole zanga, koma amuna anga sakudziwa: kodi ndikulakwitsa?

Abale ndi alongo, ndapempha oyang'anira gulu lino kuti asaonetse dzina langa, chifukwa Mzuzu ndi waung'ono ndipo mwina ena mwa inu munagulapo kanthu m'shopu yanga. Ndinene poyambirira kuti sindikupempha ndalama kapena ngongole, choncho amene angafune kundithandiza mwa njira imeneyo asavutike. Ndikufuna nzeru kuchokera kwa anthu amene bizinesi inawalowerapo pansi.

Ndine mayi wa zaka 41 ndipo ndili ndi ana atatu. Ndinayamba geni mu 2016 ndi zitenje zochepa pa benchi, kenako ndinapeza kashopu kufupi ndi msika wa Taifa momwe ndimagulitsa zitenje, nsapato za amayi ndi zikwama. Poyamba ndinkaoda ku Kyela, kungowoloka pa Songwe n'kubwerera, koma mpamba utakula ndinayamba kufika ku Kariakoo ku Dar es Salaam kamodzi pa miyezi iwiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndinagwedezeka koma ndinaima. Imene inandithyola msana ndi ya Novembala 2023, ya 44 peresenti ija, chifukwa inandipeza ndalama yonse ya oda ya Khirisimasi ili m'makwacha, ndipo katundu amene ndinabwera naye sanadzaze ngakhale theka la malo amene ndinkadzaza kale. Amene mumayenda njira imeneyi mukudziwa kuti mashilingi timawagula kwa osintha ndalama, ndipo mtengo umene wamva uli pa Mzuzu si umene ukaupeze ukatsika Chiweta n'kufika pa malire.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikukumba dzenje pofuna kukwirira lina. Ndinabwereka ku banki mkhonde yathu, ndinalowa ina kuti ndibweze yoyambayo, ndipo pamapeto pake ndinatenga katapila wa K400,000 woti ndibweze K600,000 pakutha pa mwezi. Lero ngongole zonse pamodzi ndi lendi ya shopu ya miyezi iwiri zapitirira K2.3 miliyoni. Pa shelefu yapamwamba m'shopu yanga pali mabokosi a nsapato 30 oyalidwa bwino, ndipo 24 mwa iwo ndi opanda kanthu. Ndimawapukuta fumbi m'mawa uliwonse kuti wodutsa aziona ngati katundu alipo, ndipo kasitomala akaloza bokosi lina ndimamuuza kuti saizi yake yatha dzulo.

Amuna anga sakudziwa chilichonse cha zimenezi. Iwo ndi amene anatenga ngongole ku ntchito kwawo n'kundiwonjezera mpamba zaka zinayi zapitazo, ndipo mpaka lero akakhala pakati pa abale awo amanena monyadira kuti ana akuphunzira chifukwa cha shopu ya amayi awo. Ku tchalitchi ndine msungichuma wa amayi, ndiye mungathe kuona nokha chimene chingachitike nditangoima n'kupempha kuti andipempherere chifukwa cha ngongole. Ndalama ya amayiwo sindinaikhudze ngakhale tambala imodzi, koma ndani angakhulupirire?

Kumene ndapeza polirira ndi kagulu ka pa WhatsApp ka amayi 23 amene timayenda njira ya ku Tanzania. Ena ndi a ku Karonga, ena a ku Kasungu ndi ku Lilongwe, ndipo amene ndinakumanapo nawo maso ndi maso sakwana asanu. Kaguluka tinakayambitsa kuti tizidziwitsana mtengo wa shilingi, za mabasi ndi mmene zinthu zilili pa malire. Usiku wina mu Juni, kukuzizira monga mmene kumazizirira kuno, ndili maso pabalaza nditafunda chitenje pamwamba pa juzi, mayi wina analemba cha m'ma 2 koloko kuti, "Kodi alipo amene ali maso?" Tinayankha anthu asanu ndi atatu. Palibe amene anafunsa mnzake chifukwa chimene sanagonere, pakuti tonse tinkachidziwa. Mayi uja anatumiza uthenga wa mawu akulira, akufotokoza kuti eni katapila abwera kawiri pakhomo pake, ndipo ine kwa nthawi yoyamba ndinalemba chiwerengero chenicheni cha ngongole yanga n'kutumiza. Palibe anandipatsa ndalama, palibenso anandilalikira. Wina anangoyankha kuti, "Yanga ndi K3 miliyoni, chemwali, tiyeni tigone." Ndinaseka ndekha mumdima, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo.

Miyezi inayi yotsatira kagulu kameneka kanandisunga. Koma masabata atatu apitawo wina mwa ife anajambula zimene mayi mmodzi analemba n'kutumiza kwa munthu wakunja, ndipo chithunzicho chinayenda mpaka chinafika kwa amayi a banki mkhonde yake, amene anapita kukanyamula firiji ndi mipando ana akuona. Sitikudziwa amene anachita zimenezi. Chichitikireni zimenezo, m'kagulu muja mwatsala mtengo wa shilingi wokha, ndipo ine tulo tathawanso.

Mafunso anga ndi awiri, ngakhale kuti mumtima mwanga ndi funso limodzi. Kodi inu amene munapezapo chitonthozo kwa anthu a pa foni munatani kuti muzilankhula momasuka popanda kudzipereka m'manja mwa adani? Ndipo kodi chitonthozo chimenechi chinkandithandizadi, kapena chinkangondipatsa mphamvu zopitirizira kuwabisira amuna anga?

Yankho la mayi wina wa ku Luwinga

Chemwali, ine ndiyankha funso lachiwirilo chifukwa ndi limene landikhudza. Ndinali ndi golosale imene inatha mu 2019, ndipo ndinabisa ngongole kwa miyezi isanu ndi iwiri mpaka amuna anga anamva kuchokera kwa mwini nyumba pa maliro. Chimene chinawapweteka sichinali ndalama ayi. Anandifunsa kuti, "Ndiye kuti mudzi wonse umandiseka ine ndikuyenda osadziwa?" ndipo funso limenelo linatenga nthawi yaitali kupola kuposa ngongoleyo. Sindikunena kuti amayi a m'kagulu kanu sanakuthandizeni, anakuthandizani ndithu, chifukwa munthu amene sanagone masiku atatu sangaganize chanzeru. Koma banki mkhonde zambiri zimagawana mu Disembala, ndipo nthawi imeneyo ikayandikira amayi sadikiranso, amabwera pakhomo. Ndi bwino bambo a kunyumba amve kuchokera pakamwa panu asanaone alendo pabwalo. Ngati mukuopa mkwiyo wawo, itanani ankhoswe kapena munthu wamkulu mmodzi amene nonse mumamulemekeza, ndipo mulembe ngongole zonse papepala osasiyako ina, chifukwa kuulula theka n'kudzatulukira theka lina pambuyo pake kumawononga kuposa kukhala chete.

Bambo wina wogulitsa zipangizo zomangira

Mayi, pepani ndilowererepo ngakhale nkhaniyi ili pakati pa amayi. Ife amuna tilibe ngakhale kagulu kotero. Tikakumana timakamba za mpira ndi za mtengo wa simenti, ndipo munthu akati zinthu sizikuyenda timamuuza kuti alimbe mtima ngati mwamuna, basi nkhani yatha. Ine shopu itayamba kugwa ndinaonda, ndinkakalipira ana popanda chifukwa, ndipo ndinafika poganiza kuti banja langa lingapepukidwe ine nditachoka pa dziko. Amene anandizindikira ndi munthu wa ku Blantyre amene sindinakumanepo naye, tinkangokambirana za kaodedwe ka katundu pa Facebook. Anaona mmene ndinkalembera, anandiimbira foni, ndipo anandikakamiza kuti ndipite ku chipatala cha St John of God konkuno ku Mzuzu. Ndinakana kawiri, chifukwa monga ambiri a ife ndinkati kumeneko n'kwa amisala. Nditapita ndinapeza aphungu ophunzitsidwa ntchito yomvetsera munthu, amene sakudziwa makasitomala anga ndipo ntchito yawo imawalamula kusunga chinsinsi. Ngongole yanga sanaichepetse, ndinaibweza ndekha pang'onopang'ono, koma mutu unabwerera m'malo. Ndalemba zimenezi chifukwa mwatchula za kusowa tulo. Ngati maganizo ofanana ndi amene ndinali nawo ine ayamba kukubwererani, musadikire yankho la pa foni, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena muuze munthu amene ali pafupi nanu.

Mwini funso

Bambo, zikomo kwambiri chifukwa chosabisa. Maganizo amenewo sanandifikire, koma mutu umandiwawa tsiku lililonse ndipo ku chipatala anandipeza ndi kuthamanga kwa magazi kumene ndinalibe kale. Za aphunguzo sindinaziganizirepo.

Mayi wina wa ku Karonga

Ine ndikambe za funso loyamba, pakuti ndakhala m'magulu a geni ambiri ndipo ena ndinatulukamo ndikulira. Anthu 23 ndi ambiri kwambiri kuti asunge chinsinsi, makamaka pamene onse akugulitsa katundu wofanana ndipo ena akulimbirana makasitomala omwewo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wa pa foni ndiye woopsa chifukwa suiwalika, umajambulidwa. Ife tili anayi okha, aliyense wa boma lake ndi geni yake: wina amagulitsa mpunga wa Kilombero, wina usipa, wina kaunjika, ine zitenje. Tinagwirizana zinthu zitatu. Sititchula dzina la munthu amene tili naye ngongole, sitibwerekana ndalama ngakhale zinthu zitavuta chotani, ndipo nkhani yolemera sitilemba koma timaimbirana. Lamulo lachiwirilo ndi limene anthu amadabwa nalo, koma taonani: tsiku limene mnzanu wakubwerekani K50,000 wasanduka mmodzi wa anthu amene mukuwathawa, ndipo simungamuimbirenso usiku. Mwa amayi asanu ndi atatu amene anayankha usiku uja, sankhanipo awiri amene mtima wanu ukuwakhulupirira ndipo muwaimbire. N'kutheka kuti nawonso akhala chete chifukwa cha mantha omwewo.

Ndiwonjezere chenjezo. Mukangolemba poyera kuti mwapanikizika, ena amabwera mwachifundo kuseri n'kuyamba kukuuzani za bizinesi yoika K100,000 n'kulandira kawiri pakutha pa sabata, ena za ngongole yofuna kuti muyambe mwatumiza ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba, enanso za mafuta odzoza pakhomo la shopu. Munthu wothedwa nzeru ndi amene amamusaka, ndipo mwachita bwino kubisa dzina.

Mnyamata wina wa ku Chibanja

Amayi, ine ndine wamng'ono pa nkhani za banja, koma ndikusiyana pang'ono ndi amene akuti muwauze bambo msanga. Si amuna onse amene amalandira nkhani yotere mofanana, ndipo inu ndi amene mukuwadziwa anu. Ngati anayambapo kukwezera dzanja, musawauze muli awiriwiri. Komanso katapilayo ndi amene akudya kwambiri, ndiye ngati pali katundu woti mungagulitse pa mtengo woodera kuti mumuchotse ameneyo poyamba, chitani zimenezo ngakhale shelefu ioneke yopanda kanthu.

Mwini funso

Ndawerenga zonse kangapo. Achimwene a ku Chibanja, amuna anga sanandimenyepo, ndipo mwina n'chifukwa chake zikundivuta kwambiri: ndikuopa nkhope yawo, osati dzanja lawo. Mayi a ku Karonga, madzulo ano ndamuimbira mayi uja anayamba kufunsa ngati alipo ali maso. Tayankhulana mpaka mayunitsi anga atha, ndipo wandiuza kuti iye anawauza amuna ake mwezi watha, anakhala masiku anayi osalankhulana, tsiku lachisanu bamboyo anamufunsa kuti pepala la ngongole lili kuti. Sindikudziwa ngati kwathu zidzayenda choncho. Pepala langa ndalemba, lakwana mizere isanu ndi inayi, ndipo ndaliika m'bokosi limodzi la nsapato lopanda kanthu lija. Ankhoswe anga ali ku Ntcheu ndipo thiransipoti yowaitanira ndilibe. Mayi a ku Luwinga, kodi kuwauza ankhoswe pa foni kuti adzamvere nawo Loweruka n'kokwanira, kapena bambo angaone ngati ndawachititsa manyazi pouza munthu wina iwo asanamve?