Chipinda chimodzi chagulitsidwa kawiri: tigule sisitimu kapena tikonze kaye?

Wa loji, Likhubula:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Loji ya zipinda 8 ikufuna kuyamba kugulitsa ulendo wathunthu: chipinda, gayidi, wonyamula katundu ndi chakudya cha ku Chambe kapena Lichenya pa phiri la Mulanje, mlendo alipire kamodzi pa foni. Koma mabukingi akusokonekera kale. Ena akubwera pa WhatsApp ya wa pa risepishoni, ena pa webusaiti yosungitsira zipinda ya Booking.com, ena akuimba. Tigule sisitimu ya mahotela yosunga mabukingi, yolipira pamwezi ija?

Manijala wa loji, Thyolo:
Musathamangire kugula achimwene, mabuku anu ndi atatu, vuto lagona pamenepo. Tsegulani Google Sheets imodzi, buku la mizere la pa intaneti, masiku atsike m'munsi, zipinda zipingase pamwamba. Chomwe sichinalembedwe mmenemo si bukingi, ngakhale atalonjeza ndi eni ake a loji. Olemba akhale awiri okha, ena onse apatseni mwayi wongoona. Wosungitsa osalipira mpakeni chikasu, maola 24 akatha mfufuteni. Wopereka dipoziti, chobiriwira. Ndipo bukingi ikalowa pa foni, tsekani chipindacho pa Booking.com nthawi yomweyo. Kulumikiza makalendala pa iCal, njira yoti kalendala ina izikopera ku inzake yokha, kumathandiza, koma sikusintha pompopompo, kumatha kuchedwa maola angapo. Mpata umenewo ndi umene umagulitsa chipinda kawiri.

Wa makompyuta, Mulanje Boma:
Zoona bwana. Ine chandiopsa ndi nambala ya WhatsApp ija. Tsiku limene wa pa risepishoniyo adzasiye ntchito, adzapita ndi makasitomala onse. Gulani simu ya loji, ikanipo WhatsApp Business, foni ikhale pa risepishoni. Imalola kulumikiza zipangizo zina zinayi, ndiye manijala aziona pa laputopu. Yatsani two-step verification, loko wa PIN woteteza akauntiyo, PIN asunge mwini loji.

Za magetsi: rauta ya intaneti imadya pafupifupi mawati 10 pa 12V. Igulireni mini UPS, kabatire kosunga moto, yakeyake m'malo moidutsitsa pa inveta, poti inveta imadyanso moto ngakhale isakukoka kanthu. Batire ya asidi ya 12V 100Ah ili ndi 1,200Wh papepala, koma gwiritsani theka lokha, 600Wh. Mukamaikhuthula mpaka pansi imafa msanga. Laputopu ya mawati 50 pamodzi ndi rauta, ndiye kuti maola osapitirira 10 ESCOM ikazimitsa. Nyengo ya mvula ziphaliwali za kuno zimaotcha maadaputa, ikani surge protector, choteteza magetsi akakwera mwadzidzidzi, ndipo sungani adaputa ina m'dirowa. Rautayo musanaikhomere, yesani simu ya Airtel ndi ya TNM m'malo osiyanasiyana, phirili limatchinga netiweki.

Chinanso, offline ya Sheets, yolola kulemba popanda intaneti, muiyatse intaneti ikadalipo. Netiweki ikachoka azilemba munthu mmodzi yekha, apo ayi awiri alonjeza chipinda chomwecho osaonana.

Mayi owerengera ndalama, Luchenza:
Ndalama zisalowe pa nambala ya wantchito chonde. Tsegulani akaunti ya bizinesi ya Airtel Money ndi Mpamba. Uthenga umene mlendo wakuonetsani kapena skirinishoti si umboni, akamberembere amalemba okha mauthenga ofanana ndi enieni. Onani mu akaunti yanu, lembani nambala ya tiranzakishoni m'buku la Sheets lija, kenako mupake chobiriwira. Gawo la gayidi ndi la wonyamula katundu likhale ndi mzere wake kuyambira tsiku lolandira. Zikasakanikirana ndi za chipinda mugulira nkhuku, anthu atsika m'phiri mulibe chowapatsa. Madzulo alionse fananizani buku ndi akaunti, osadikira kutha kwa mwezi.

Wa loji, Likhubula:
Zikomo mayi, zikomo mabwana. Nanga magayidi opanda foni za WhatsApp?

Manijala wa loji, Thyolo:
SMS ikwanira, dzulo lake: tsiku, ola lonyamukira, alendo angati, njira, kanyumba kokagona. Gayidi ayankhe kuti wamva. Mpatseninso pepala m'manja ponyamuka, pamwamba paja netiweki ndi ya apo ndi apo.

Ulendowo yambani ndi njira imodzi, ya Chambe, kwa miyezi itatu, ndipo osayambira mu Julaye pamene mpikisano wa onyamula katundu wadzaza Likhubula. Muzilemba afunsa angati, alipira angati, mwayankha patapita nthawi yaitali bwanji. Lamulo la chiperoni likhale lolembedwa mlendo asanalipire: ulendo ukalephereka, musintha tsiku kapena mubweza zingati, ndipo gayidi amene anabwera kale alandira chiyani. Sisitimu mudzagule kutseka zipinda pamanja kukadzayamba kukukanikani. Pogula mufunse ngati ili ndi channel manager, pulogalamu yotseka zipinda yokha, yolumikiza Booking.com mwachindunji, ngati mtengo wake uli m'makwacha kapena madola, komanso ngati mungatulutse mndandanda wa alendo anu mutafuna kuisiya.