Mizere yowonda pa chithunzi chodinda pa malaya

Wojambula wa ku Ulongwe:
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa masiku awiri. Ndinajambulira gulu la alimi a mbatatesi a kuno ku Angónia chithunzi cha mayi atasenza dengu pamutu, m'mbali mwake muli masamba a mbatatesi. Ndinachijambula pa kompyuta, m'lifupi masentimita 27 pa 300 dpi (timadontho kapena mapikiselo 300 pa inchi iliyonse), ndipo eni ake anachikonda. Tsopano akufuna kuti chidindidwe pachifuwa cha malaya, m'lifupi masentimita 9 okha, koma mmisiri wa serigrafia (kudinda podutsitsa utoto pa sefa ya timabowo yotchedwa tela) atayesa, mizere ya dengu ndi ya nkhope yatuluka yodukaduka. Fayilo imene inali ndi ma layer (zigawo zosanjikizana za chithunzi) inapita pamene kompyuta yanga yakale inafa, moti ndatsala ndi PNG imodzi, mizere yakuda pamalo oyera. Kodi pali njira yonenepetsera mizereyi popanda kujambulanso chithunzi chonse?

Wojambula mapulani a nyumba, Moatize:
Achimwene, musanagwire pulogalamu iliyonse, tiyeni tiwerenge kaye. Kodi burashi yanu inali ya mapikiselo angati?

Wojambula wa ku Ulongwe:
Inali ya mapikiselo 4, bambo, ndipo pankhope ndinatsitsa kufika pa 3.

Wojambula mapulani a nyumba, Moatize:
Ndiye vuto lili pomwepo. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho pa 300 dpi pikiselo imodzi ndi pafupifupi 0.085 mm, ndipo mzere wa mapikiselo 4 ndi 0.34 mm. Mukachepetsa chithunzi kuchoka pa 27 kufika pa 9, mzerewo umachepanso katatu n'kukhala 0.11 mm. Ife pa mapulani timatsata makulidwe a ISO 128, muyezo wa padziko lonse wa zojambula za mapulani, ndipo mzere wowonda kwambiri pa mndandanda umenewo ndi 0.13 mm, umenenso ndi wa papepala losalala osati pansalu. Ngati mukufuna kuti mzere utuluke 0.4 mm pa malaya, pa chithunzi chachikulucho uyenera kukhala 1.2 mm, kutanthauza mapikiselo pafupifupi 14.

Wodinda malaya, mumzinda wa Tete:
Bambo a ku Moatize anena zoona, ndipo ine ndikulankhula monga amene ndimatsuka tela ndi manja anga. Mzere wowonda chotero umagwera pa ulusi wa tela m'malo mogwera m'mabowo ake, ndiye tinta (utoto wodindira) sadutsa bwino. N'chifukwa chake mwaona kudukaduka kuja. Pa ntchito yanga sindilandira mzere wochepera poyinti imodzi, imene ndi 0.35 mm.

Mu Photoshop pitani pa Filter, Other, kenako Minimum, imene pa makompyuta a Chipwitikizi imalembedwa Mínimo. Dzinali limasokoneza ambiri, koma Minimum ndiye imakulitsa zakuda, pamene Maximum imakulitsa zoyera n'kuwondetsa mzere. Mu GIMP ntchito yomweyo imachitika ndi Erode ndi Dilate. Radius ya 5 imawonjezera mapikiselo 5 mbali iliyonse, ndiye 4 wanu uja afika pa 14. Sankhaninso Roundness pamalo a Squareness, apo ayi makona a masamba adzaoneka ngati adulidwa ndi chikwanje.

Koma ndikuchenjezeni, mwana wanga: mzere ukanenepa, umadya malo oyera. Mpata uliwonse wochepera mapikiselo 10 utsekeka, ndipo dengu lanu lolukidwa bwino lija lisanduka chibuluma chakuda.

Wolemba zikwangwani, Zóbuè:
Ine ndikuona kuti njira yabwino ndi kusandutsa chithunzicho vekitala, kutanthauza chithunzi chosapangidwa ndi mapikiselo. Mu Inkscape, imene ndi yaulere, mugwiritse Trace Bitmap, kenako muwonjezere stroke (mzere wa m'mphepete) yakuda kuzungulira chimene chatulukacho, ndipo makulidwe ake mudzawasintha mmene mukufunira ndi nambala ya mamilimita. Mukakhutira, mupange Stroke to Path kuti mizere isadzasinthe pa kompyuta ya munthu wina. Anzathu a CorelDRAW akumbukire kuti Scale with object ikakhala yosachonga, chithunzi chimachepa koma mzere umatsala waukulu momwemo.

Wodinda malaya, mumzinda wa Tete:
Vekitala ndi yabwino pa zilembo ndi m'mphepete mosalala, sindikutsutsa, koma siithetsa vuto la mipata. Trace Bitmap, pokhapokha mutasankha Centerline tracing, satulutsa mzere wapakati umene mungausinthe paokha; amatulutsa maonekedwe odzaza, ndipo mukawawonjezera stroke amatseka mipata chimodzimodzi ndi Minimum. Chimene ndimachita ine ndi kugawa chithunzi. Mzere wakunja wa thupi ndi dengu ndimaupatsa kunenepa konse, zam'kati ndimazipatsa pang'ono, ndipo pamene mizere yathithikana ndimafufuta umodzi n'kusiya umodzi. Chithunzi cha pachifuwa munthu amachiona ali patali mamita awiri, sawerenga nsungwi za dengu.

Wojambula wa ku Ulongwe:
Zikomo kwambiri nonse. Ndinayamba ndi Minimum wa 5 pa chithunzi chonse, ndipo zinachitikadi monga ananenera amayi odinda malaya a ku Tete: maso ndi nsidze zinalumikizana, dengu linada bii. Ndinabwerera, n'kukopera chithunzi pa ma layer atatu. Mzere wakunja ndaupatsa 5, masamba 4 nditachotsa timitsempha tating'ono, ndipo dengu ndafufuta theka la mizere yake ndisanalinenepetse. Nkhope yokha ndaijambulanso ndi burashi ya 12, chifukwa palibe fyuluta imene inasunga kumwetulira kwa mayiyo, ndipo zanditengera mphindi 20 basi. Ndadinda papepala pa masentimita 9, ndaliika pachifuwa cha mng'ono wanga, ndipo chikuoneka bwino ndili pakhomo iye ali pabwalo.

Wodinda malaya, mumzinda wa Tete:
Mwagwira bwino. Musanatumize kwa mmisiri wanu, muchepetse chithunzi kufika pa 9 pamene dpi ikadali yokwera, kenako mugwiritse Threshold kuti timadontho totuwa ta m'mphepete tisanduke takuda kapena toyera, popeza tela sadziwa mtundu wotuwa. Ngati malayawo ndi akuda ndipo tinta ndi woyera, muwauze ayese kaye pa chigamba, chifukwa tinta woyera ndi wolimba ndipo savutikira kutseka mipata ing'onoing'ono.