Kodi chipatala chachikulu ngati Queens chimam'thandiza bwanji munthu wa kumudzi?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Madokotala a ukadaulo ndi makina okwera mtengo ali makamaka m'zipatala zazikulu zinayi za boma: Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Wa ku Chitipa amayenda makilomita oposa 300 kuti akafike ku Mzuzu, pomwe wa ku Ginnery Corner amangowoloka msewu n'kulowa pa geti ya Queens. Popanda kumanga chipatala china, n'chiyani chimene zipatala zimenezi zingachite kuti awiriwa asamasiyane chonchi?

Mbewe_wa_ku_Fiyeta:
Achemwali, yambani ndi kuwerenga maulendo. Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, koma minibasi si yaulere, ndipo wodwala sayenda yekha: pali gadiyani, ufa, nkhuni, ndi munda umene wasiyidwa. Wosauka amagonja pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Choncho chipatala chachikulu chikadula ulendo umodzi, chathandiza kuposa kugula makina ena.

Taonani mwana wobadwa ndi mapazi opindika. Amaikidwa chikhakha chimene chimasinthidwa sabata iliyonse, kawirikawiri kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kenaka amadulidwa pang'ono mtsempha wa kuchidendene, aikidwanso chikhakha kwa masabata atatu, ndiye n'kuyamba kuvala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo: usana ndi usiku kwa miyezi itatu, pambuyo pake usiku wokha mpaka atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Mayi wa ku Nsanje sangakwere kupita ku Blantyre sabata ndi sabata. Akadumphitsa kawiri, phazi limabwerera m'mbuyo. Nzeru yake n'njakuti katswiri aphunzitse kiliniko ofisala wa mafupa wa pa boma, pulasitala ndi nsapato za masaizi onse zikhale pomwepo, ndipo ku chipatala chachikulu kuzipita okhawo amene phazi lakana.

Zikatero, katswiri uja ayenera kumapita kukaona ntchito, ndipo apa m'pamene zambiri zimafera. Ulendo wa dokotala wa opaleshoni ku boma umakonzedwa masabata awiri tsikulo lisanafike: mndandanda wa odwala utumizidwe, magazi awo ayezedwe, zida ziphikidwe, wogonetsa odwala akhale pa ntchito, dizilo wa jenereta apezeke, magazi oikira akhale m'firiji. Chimodzi chikasowa, dokotala amangoona odwala n'kubwerera osagwira mpeni. Choipitsitsa ndi kulengeza m'matchalitchi ndi kwa mafumu kuti a ng'ala ndi a phudzi abwere Lachitatu, anthu n'kugona pa khonde la chipatala, galimoto osabwera poti mafuta sanatuluke. Ulendo wotsatira sabweranso. Mafuta a maulendo amenewa azikhala ndi thumba lawolawo, osati kutsalira pa a ambulansi.

Ndipo dokotala akafika asamapange yekha maopaleshoni onse kuti achuluke pa lipoti. Aime mbali inayo ya tebulo, wa pa chipatala cha pa bomapo agwire mpeni.

Chinanso chosafuna ndalama: wa pa boma aimbe foni asanatumize wodwala, kuti apatsidwe tsiku lenileni la kiliniki. Zotsatira za kanyama kodulidwa poyeza khansa zitumizidwe ku boma, munthu asakwerere basi pepala. Potulutsa wodwala, alembe m'buku lake la kuchipatala matenda, mankhwala, mlingo ndi tsiku lobwerera, m'zilembo zowerengeka. Ambiri amabwerera kwawo ndi buku longoti "review", wa ku helefu senta n'kusowa poyambira.

NamwinoWaAna:
A Mbewe mwanena zoona, koma mwaiwala kuti Queens imagwira ntchito ziwiri. Blantyre ilibe chipatala cha pa boma monga Bwaila ku Lilongwe, ndiye wa chifuwa wa ku Ndirande ndi wotumizidwa kuchokera ku Mulanje amakumana pa mzere umodzi. Ena amati yankho ndi kulipiritsa amene wadumpha helefu senta. Ine ndimakana. Munthu amadumpha chifukwa kumeneko kwatsekedwa usiku kapena mankhwala atha, ndipo chindapusacho chimabweza wosauka yekha. Wa galimoto amalipira n'kulowa.

Phindu lalikulu la chipatala chachikulu ndi luso limene limatuluka pa geti. Njira yosankha mwana wodwalitsitsa pa mzere kuti aonedwe msanga, ya ETAT, idakhwimira ku Queens nthawi ya Pulofesa Elizabeth Molyneux, ndipo lero ikuphunzitsidwa m'maboma. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma adayesedwanso ku Queens mogwirizana ndi Rice University asanafalikire m'zipatala za pa boma.

Koma kupereka makina n'kosavuta. Pa Pumani, mphamvu ya mpweya imadalira kuya kwa madzi m'botolo, nthawi zambiri masentimita 5 mpaka 8. Madzi akatsika kapena akasiya kubwata, khanda silikulandira mphamvu ya mpweya yoyenera ngakhale makina akulira. Timapaipi ta m'mphuno tikakula timatupula mphuno, tikachepa mpweya umathawa. Mphuno zimafuna kupopedwa ndi kudonthezedwa madzi a mchere pafupipafupi, ndipo khanda likazizira zonsezi n'zachabe, n'chifukwa chake kangaroo (kufungatira khanda pachifuwa) ndi chotenthetsera siziyenera kusowa. Chimene chimapha ntchitoyi ndi kusinthasintha anamwino: mwaphunzitsa anayi, pakatha miyezi ingapo onse ali ku wodi ina, makina ali m'kabati. Ku nasale, wodi ya makanda, anamwino azikhazikika, ndipo amisiri a makina a ku chipatala chachikulu aziyendera maboma atanyamula zosefera za makina a okosijeni, chifukwa fumbi ndilo limawapha.

Jere_Zogulagula:
Ine ndilowe mbali ya thumba, imene azaumoyo sakonda kuikamba. Chipatala chachikulu chimadyetsa anthu mazanamazana tsiku lililonse, chimachapitsa, chimalemba alonda ndi okolopa. Funso n'lakuti ndalamazo zimagwera kuti.

Tenda ya chakudya ikalengezedwa mtolo umodzi, chimanga, nyemba, mafuta, nyama ndi nkhuni pamodzi, amene angaikwanitse ndi wamalonda wamkulu yekha, ndipo iyeyo amakagula kwa alimi omwewo pa mtengo wozizira. Igawidwe m'magawo: masamba paokha, nyemba paokha, mazira paokha, kuti kopaletivi ya pafupi ipikisane nawo. Malamulo ogulira katundu wa boma amalola kukondera mabizinesi ang'onoang'ono, ndiye si mlandu. Makopaletivi nawo amagwa pa zinthu zitatu: sanalembetse ku PPDA (bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma) ndi ku MRA, amalephera kupereka mlingo womwewo sabata iliyonse nthawi ya chilimwe, ndipo nyemba kapena mtedza zimafika zosauma bwino, zachuku. Koma chimene chimawamaliza ndi kuchedwa kwa malipiro. Wamalonda wamkulu angadikire miyezi isanu ndi umodzi. Gulu la amayi a dimba likadikira miyezi iwiri latha. Ngati chipatala sichingathe kulipira pa masiku 30, chisawakope n'komwe.

Pa makampani okolopa ndi olondera, mgwirizano unene kuti wantchito asalandire pansi pa malipiro ochepetsetsa a boma, ndipo chipatala chione umboni wa malipiro a mwezi watha chisanapereke cheke china. Osaiwala malo a magadiyani. Kumeneko kumagona anthu osaukitsitsa pa chipatala chonse, ndipo mpopi ndi chimbudzi zikawonongeka kolera imayambira pakhomo pa madokotala. Ng'anjo yowotchera zinyalala nayo ikamayaka pansi pa madigiri 800, utsi wa mapulasitiki umakapumidwa ndi oyandikana nawo mpanda.

Nachisale:
Zikomo nonse. A Jere, nanga mawodi olipira a m'zipatala zazikuluzi? Sakuwonjezera kusiyanaku?

Jere_Zogulagula:
Zimatengera zinthu ziwiri, mayi. Choyamba, wolipira agule chipinda ndi bedi labwino, asagule malo pa mndandanda wa ku fiyeta. Akangoyamba kudumpha mzere, dokotala yemweyo ndi fiyeta yomweyo zachotsedwa kwa wosalipira. Chachiwiri, ndalamazo zizilowa ku banki ndi lisiti, ndipo lipoti lizionetsa zimene zagulira wodi ya anthu wamba. Amene wauzidwa kuti apereke kangachepe kuti opaleshoni ifulumire akadandaule kwa ombudsman, wolandira madandaulo wa pa chipatalapo, atalemba tsiku, wodi ndi zimene ananenedwa. Ndipo asanagulitse mbuzi kuti apeze thiransipoti, aimbe kaye ku Chipatala cha pa Foni, mwaulere. Anamwino a kumeneko amamuuza ngati vutolo likufuna kuthamangira ku chipatala lero kapena ayambire ku helefu senta yakwawo.