Matole akuonda chiwasiyitsireni mkaka

Mayi Zulu, Katete: Anzanga, ndithandizeni. Matole anga awiri a Friesian ndawasiyitsa mkaka ali ndi masabata 8. Pano ubweya wayima, mimba zafufuma koma nthiti zili pamtunda. Akudya gaga wosakaniza ndi soya, ndiponso udzu.

A Phiri, Chipata: Soyayo munakazinga, mayi?

Mayi Zulu: Ayi, ndinangogayitsa kuchigayo.

A Phiri: Yambirani pomwepo. Soya wamuwisi ali ndi trypsin inhibitor, yomwe imalepheretsa mapuloteni kugayika m'matumbo. Thole limadya koma zambiri zimangotuluka ndi ndowe. Kazingani musanagayitse, koma asapserere, chifukwa akapsa kwambiri lysine, mmodzi mwa ma amino acid (tizigawo topanga mapuloteni), amaonongeka.

A Tembo, Sinda: Ine ndikanangothira keke ya thonje (zotsala akafinya mafuta m'njere) kapena kayureya pang'ono. Nzotchipa.

A Banda, alangizi a ziweto: A Tembo, chonde ayi, muphetsa matole a eni. Yureya amafuna chifu chokhwima chokhala ndi tizilombo tomusandutsa mapuloteni, ndipo keke ya thonje ili ndi gossypol, poizoni kwa thole laling'ono. Mayi, thole likamayamwa mkaka sulowa m'chifu chachikulu. Umadutsa mpaka m'chifu chachinayi, kumene umaundana n'kugayika pang'onopang'ono, ndipo ma amino acid ake amakhala okwanira. Mukaudula, thole liyenera kudalira tizilombo ta m'chifu chachikulucho, koma chimakula pokhapokha ngati linayamba msanga kudya chakudya chouma ndi kumwa madzi. Tsiku lomwe munadula, lililonse linkatha chakudya chochuluka bwanji?

Mayi Zulu: Sindinkayeza, alangizi. Mwina manja awiri.

A Banda: N'chochepa kwambiri. Masabata paokha sanena kanthu. Timadula thole likamatha kilo imodzi kapena kuposa, masiku atatu motsatizana, ndipo mkaka timachepetsa pang'onopang'ono kwa sabata kapena awiri. Chakudyacho chikhale ndi mapuloteni 18 mpaka 20 peresenti. Gaga payekha safikako, lysine wakenso ndi wochepa. Soya wokazinga ali ndi lysine koma amaperewera amino acid wina, methionine, choncho thiranimo keke ya mpendadzuwa, yosefa makoko.

A Phiri: Akubzikula kodi?

Mayi Zulu: Limodzi lokha. Linalo limangolira pakhomo la khola.

A Banda: Losabzikulalo libwezereni mkaka, malita awiri pa tsiku, mpaka liyambe kudya bwino. Ngati likutsegula m'mimba kapena ndowe zili ndi magazi, itanani a vetenale aone ngati si coccidiosis, matenda a tizilombo ta m'matumbo.

Mayi Zulu: Ndamva. Soya ndikazinga madzulo ano. A Phiri, sikelo yanu ija mubwere nayo Loweruka kokagulitsa mkaka.