Supu ndi ma noodles a "reduced salt", ndigule kapena akungotidyera ndalama?

Mayi Awiri: Abale ndithandizeni, supu wa m'paketi ndi ma noodles aja alembapo reduced salt mtengo wake ndiwokwererako, ndigule kapena ndi zamalonda chabe? Bambo akunyumba ali ndi BP.

Wamasamu: Musakopeke ndi zolemba zakutsogolo mayi, tembenuzani paketiyo. Reduced ndiye kuti achepetsako poyerekeza ndi yakale ija basi, ku Europe lamulo limangofuna 25%, ndiye ngati yakaleyo inali nyanja yatsopanoyo ndi nyanjabe. Onani pa 100g, ku UK mchere ukapyola 1.5g amati wachuluka, 0.3g kutsika mmunsi ndiye wochepa. Akalemba sodium chulukitsani ndi 2.5 kuti mupeze mchere.

Kadyankena: Ine ndinalawapo, zozizira mkamwa zosamveka, mapeto ake munthu umathira mchere wina pamwamba ndiye wapindulanji kkkk

Anesi: Lilime limazolowera achimwene, masabata angapo chabe. WHO imati wamkulu asafike 5g patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, pomwe anthu padziko tikudya kupyola 10g ndipo wambiri sitiuona nkomwe, wabisala mu buledi, masoseji, zam'chitini. Koma mayi werenganinso ingredients, makampani ena amachotsako mchere wamba wa sodium nkuikamo mchere wina wotchedwa potassium chloride. Kwa ambiri ndi zabwino ndithu, ku China kafukufuku wa 2021 wa anthu oposa 20,000 anapeza kuti stroke inatsika ndi 14% mwa omwe ankagwiritsa ntchito mchere wosakaniza ndi potassium chloride, koma ngati bambowo ali ndi vuto la impso kapena akumwa mankhwala ena a BP osunga potassium m'thupi afunse kaye adokotala, musangogula.

Kadyankena: Chondiwawa ine nchoti achotsamo chinthu koma mtengo akweza, zimatheka bwanji??

Wamasamu: Apo ndikugwirizana nanu. Ku South Africa kuyambira 2016 boma linangoika malire a mchere mu buledi, supu, noodles ndi zina, aliyense amagula zochepetsedwa kale popanda kusankha.

Mayi Awiri: Ndaona paketi ya supuyo, ilidi pamwamba pa 1.5g ngakhale alemba reduced, imeneyo ndaisiya. Nanga noodles?

Anesi: Mchere wambiri uli mu kasacheti kaja mayi. Gulani wamba yemweyo, thirani theka, msuziwo asamwe wonse.

Kadyankena: Theka linalo munditumizire